Achimwene abwera ndi mbande za tiyi

Mwaswera bwanji nonse. Imvani za lero kuno kwa Mavwere.

Achimwene a Lameki afika masana kuchokera ku Thyolo, komwe anapita ku ukwati wa mnzawo. Chikhalireni pakhonde nkhani ndi imodzi: mapiri obiriwira mbali zonse, nkhungu mpaka dzuwa kukwera, anyani m'mbali mwa msewu, Alhomwe akuvina tchopa, azimayi akuthyola tiyi madengu ali kumsana. Akuti chuma chili kumeneko, ife kuno timangokanda fumbi.

Kenaka atulutsa chidebe. M'menemo muli timbande ta tiyi tofota, masamba atayoyoka kale ndi kutentha kwa m'minibasi. Akuti mawa azula mtedza wa amayi kumunda wakumtunda kuti adzalepo timeneti.

Amayi awafunsa kuti, "Nanga nkhunguyo mwabwera nayo m'chidebe momwemo?"

Iwo amvekere, "Vuto lanu simunayende, amayi."

Munthu woti chaka chatha analephera kupalira ndime imodzi ya fodya! Khasu lawo ndakabisa kwa aneba, koma sangalephere kubwereka lina.

Amalume, chonde aimbireni lero lomwe, inu amakumverani. Kapena tiwasiye azule, chaka chino amayi adzatendere ndiwo ndi masamba a tiyi? Enanu mukuti bwanji?