Mfuti ya Felista wa ku Mkhumba

Felista wa ku Mkhumba anali mayi wamfupi, wosalankhulalankhula, koma wa diso lakuthwa. Mwamuna wake, Sitima, adagwira ntchito yaukhukhi ku Halale, ndipo pobwera kumudzi adabweretsa mfuti ya mpweya ndi kachitini ka tizipolopolo ta mtovu. Maso ake atayamba kuchita chidima, adaphunzitsa mkazi wake kuthyola mfutiyo pakati, kuikamo chipolopolo ndi kulozetsa.

Sitima adamwalira ndi chifuwa mu 1948. Chaka chotsatira mvula idakana, kudagwa njala. Felista adali ndi kadimba ka nyemba m'mphepete mwa dambo, koma akalulu adakapeza. Ndiye m'mamawa uliwonse ankakhala phee kuseri kwa chulu, mfuti ili pabondo. Kalulu akangotukula makutu, basi watha. Ana ake atatu ankadya nyama pamene anzawo ankakumba mizu, ndipo nyama ina ankasinthitsa ndi zipolopolo kusitolo ya a Wahabu ku Migowi.

Mbiriyi idafika ku Chiwalo, kwa Goliati, mkulu wake wa Sitima. Munthu ameneyu sadabwereko ngakhale tsiku limodzi mng'ono wake akudwala. Koma atangomva za nyama, miyendo idapepuka.

"Alamu, ndabwerera katundu wa malemu," adatero asanakhale ndi pansi pomwe. "Mfuti si chinthu cha munthu wamkazi."

"Nanga ana a malemuwo adya chiyani, alamu?"

"Ana ndi a kwanu. Mfuti ndi ya kwathu."

Ankhoswe a mbali zonse adakhala pansi nagwirizana ndi Goliati. Felista adapereka mfutiyo. Sadalire.

Zikadakhala kuti Goliati ankasaka, mwina mtima wa Felista ukadatsika. Koma ayi! Ntchito yake inali kuikoleka paphewa Loweruka, kumazungulira nayo pamsika wa Migowi kuti anthu amuone. Zipolopolo adazimaliza polasa zipatso za mlambe pamaso pa anzake. Uku akalulu adadya dimba lonse mpaka ziputu, ndipo Bertha, mwana wotsiriza wa Felista, adayamba kutupa mapazi.

Felista adayenda wapansi mpaka ku Chiwalo. Adampeza Goliati pakhonde akukhomerera timiyala mumpope wa mfuti ndi msomali.

"Mukuiwononga, alamu! Ndibwerekeni mwezi umodzi wokha. Kalulu aliyense ndidzakupatsani mwendo."

"Ine kudya nyama yophedwa ndi mkazi?" Goliati adaseka. "Pitani mukasinje."

"Mulibe manyazi inu," adatero Felista mokweza, mpaka akazi a pamudzipo adatuluka m'nyumba. "Mng'ono wanu akutsokomola magazi munali kuti? Mwana akafa, musadzaponde pamaliro!"

Bertha sadafe. Mchimwene wake wa Felista adamtenga mwanayo kukakhala naye kuphiri la Michesi, kumene kudatsalako chinangwa. Felista adaphunzira kutchera makhwekhwe a luzi m'tinjira ta akalulu. Ankagwira mmodzi pa sabata, mwina osagwira n'komwe.

Mvula itabweranso, Goliati adatumiza mfuti ija itakulungidwa m'chiguduli, mpope wopindika, chogwirira chosweka. Uthenga wake unali wakuti waganizira ana. Felista adaiyang'ana kamodzi n'kuuza wamthengayo kuti aibweze komwe waitenga.

Adakhala zaka zina makumi atatu, nalera zidzukulu khumi ndi ziwiri. Ndi Goliati ankakumana kumaliro ndi kumaukwati, koma moni sadampatsenso.