Tayala Lachinayi

Galimoto ija inali yofiira, ya zitseko ziwiri, yopanda denga, yakale kuposa ine amene. Msuweni wanga, mwana wa amalume, anaigula kwa mzungu wina wa fodya kutsidya kwa Chipata, zaka zija matipate atangobwera, pamene aliyense wochenjera ankalemera ndi geni ya paboda. Ine sindinali wochenjera. Ndinali makaniko pa Mchinji boma, galaja yanga ili pansi pa mtengo wa mango, ovolosi imodzi basi.

Ndisabise, tsiku limene anaiimika pagalaja panga mtima unandiwawa. Tinakulira limodzi ku Kachebere, ndipo kusukulu masamu ankakopera kwa ine. Lero iye magalasi akuda kumaso, ine girisi mpaka m'makutu. Nsanje inandigwira, koma ndinamwetulira.

"Asuweni, injini ilibe vuto, koma kuima ndiye imaima ikafuna yokha," anatero.

Ankafuna mabuleki ogwira ntchito pawiri: pamsewu wa tala wopita ku Lilongwe, komanso pabwalo lakale la ndege pa esiteti ina, pomwe mabwana a fodya ankathamangitsana Loweruka masana. Kumeneko munthu amaponda buleki mwamphamvu kambirimbiri, ndipo madiramu akale a mabuleki akatentha amangosiya kugwira.

Ntchitoyo ndinaigwira bwino, wina asakunamizeni. Kutsogolo ndinachotsa madiramu n'kuika madisiki amene ndinakasaka pa sikirapu ku Lilongwe. Sanakwanire bwino, moti zitsulo zogwirizira ndinachita kupanga ndekha, masiku atatu ndikupala. Mapaipi ong'aluka ndinasintha onse, ndinaika mapadi atsopano, n'kuthira mafuta a mabuleki osawira msanga. Chinatsala n'chimodzi: kutulutsa mpweya m'mapaipi. Mpweya ukatsalamo buleki imafewa, ndipo tsiku lina phazi limangofika pansi galimoto ikupitabe.

Imeneyi ndi ntchito ya anthu awiri. Wina amakhala pachiwongolero n'kumapopa buleki ndi phazi, makaniko ali pansi akumasula kanati ka pa tayala lililonse, limodzilimodzi, mpaka thovu lonse lituluke. Tikuti tiyambe, anatulukira mkazi wanga atasenza mbatata yophika ndi thobwa, chakudya changa cha masana.

"Eee, mkazi wanga wafika!" anafuula msuweni. "Alamu, lowani mupope ndinu, mulaweko mpando wa anthu."

Nthabwala ya chisuweni imeneyo ndinali ndikuimva kuyambira tsiku la ukwati wathu, ndipo ndinkaseka nawo. Tsiku limenelo sinandikomere. Mkazi wanga anavula masilipasi n'kulowa, msuweni n'kukhala mpando wa pambali pake. Ine ndinakwawira pansi ngati buluzi.

"Popani!"

"Ndikupopa!"

"Gwirani!"

"Ndagwira!"

Ndinayamba ndi tayala lakumbuyo kumanzere, kenako lakumanja. Pamwamba panga kunali chisangalalo. Msuweni ankamuonetsa wailesi, ankamuveka magalasi akuda aja kuti adziyang'ane pakalilole. "Alamu, mpandowu wakukhalani. Mukuvutikiranji ndi wapansiyo?" Mkazi wanga anaseka, kuseka kwa pansi pamtima, kumene m'nyumba mwanga ndinali ndisanakumve chaka chathunthu. Mafuta a mabuleki ankandidonthera m'khwapa, dothi likugwera m'maso, anthu akuseka pamutu panga. Aaa, zinandinyansa!

Nditamaliza tayala lachitatu, lakutsogolo kumanzere, ndinatuluka n'kupukuta m'manja.

"Yatha," ndinatero.

Sinathe. Tayala la mbali ya dalaivala ndinali ndisanalikhudze, ndipo sindinaiwale ayi. Ndinkafuna kuti kusekako kuthe. Pena ndinkafunanso kuti Loweruka akalowere m'tchire pamaso pa mabwana akewo, abwere kuno manyazi ali tho, magalasi atathyoka. Kuti munthu angafe, mutu wanga unakana kufikako.

Tinatsitsa jeke. Anthu anali atadzaza kale, ogulitsa mtedza, anyamata osintha ndalama za ku Zambia, ngakhale shehe wa sitolo ya zitsulo anatuluka kudzaona. Msuweni analiza injini, kenako anazungulira n'kutsegula chitseko cha mbali inayo.

"Alamu, mwagwira ntchito. Tiyeni tikaiyese mpaka paboda n'kubwerako, mphepo ikuombeni."

Msewu wa kuboda ndimaudziwa, mathiraki, njinga zonyamula makala, ng'ombe zodutsa mosayang'ana, ndipo munthuyo sankadziwa kuyenda pang'ono. Ndimayenera kungonena mawu amodzi, kuti sindinamalize. Koma pamaso pa gulu lonselo? Pamaso pa iye? Ndinaima ndi sipanala m'manja, pakamwa pali gwa. Mkazi wanga anavala masilipasi, anamanga bwino chitenje, anagwira chitseko.

Kenako anatembenuka n'kundiyang'ana.

"Bambo a mwana, galimotoyi ili ndi matayala angati?"

"Anayi."

"Mawu anu ndawamva kumbuyo kuwiri ndi kutsogolo uko. Pansi pa phazi langa simunafikepo."

Gulu lonse linaphulika kuseka. Msuweni anandimenya paphewa. "Asuweni mwakalamba! Kapena thobwa ndi limene likukusokonezani?" Iye anangoganiza kuti ndinaiwala, ndipo mpaka lero amadziwa choncho.

Ndinakwezanso jeke n'kukwawira pansi. Nditamasula kanati kaja, mpweya unachita kulavula, thovu lokhalokha. Mkazi wanga anapopa, anagwira, anapopanso, koma tsopano ankangoyankha mawu amodziamodzi. Titamaliza anakana kukwera, akuti mutu ukumupweteka. Msuweni anapita yekha, ndipo pobwera anaima pagalaja matayala akulira, fumbi koboo, akukuwa kuti mabuleki otere ngakhale ku Lusaka kulibe. Loweruka lake anawapitirira mabwana awiri.

Tikubwerera kunyumba madzulo, ine ndikukankha njinga, mkazi wanga anali patsogolo ndi dengu pamutu. Tinadutsa msika wonse. Tikufika pachigayo analankhula osatembenuka.

"Zaka zisanu ndi zinayi ndikuchapa ovolosi yanuyo. Inu simuiwala nati." Anayenda pang'ono. "Ndinachedwa dala pachitseko paja. Ndimadikira kuti munene nokha."

Chakudya cha masana anapitiriza kunditumizira tsiku lililonse, koma iye mwini pagalaja panga sanapondeponso.