Tsiku limene tinamwaza milu ya masamba

Nditangomaliza maphunziro a uphunzitsi, ananditumiza ku sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Embangweni. Ine wa ku Ntcheu, Chitumbuka ndinkangodziwa "yewo" basi. Anandipatsa Sitandade 6 kuti ndiziphunzitsa Chingerezi.

Tsiku lina m'chilimwe tinali pa mawu otsutsana. Ndinalemba pabolodi heap ndi gather. Ndinawauza ana kuti heap ndi mulu, ngati wa tomato pamsika, ndipo gather ndi kusonkhanitsa. Onse anagwedeza mitu.

"Nanga mawu otsutsana ndi gather ndi ati?" ndinafunsa.

Ana anayang'anana. Kenako mtsikana wina wamtali wokhala kumbuyo anakweza dzanja. "Ungather, madamu."

Anzake anamuwombera m'manja. Ine ndinaseka mpaka choko chinagwa pansi.

Pabwalo panali milu ya masamba ouma imene anawo anasesa m'mawa. Ndinawatulutsa onse, n'kuloza mulu umodzi. "Heap." Ndinaumenya theche, masamba n'kuti balala. "Scatter!"

Basi, ndinali nditawatsegulira khola. Aliyense anathamangira mulu wake akukuwa kuti sikata, sikata, fumbi lili koboo.

Chapafupi, akazi awo a ahedi ankayanika ufa pamphasa. "Aphunzitsi, ufa wanga ukhala wofiira lero!" anafuula.

Ndinapita kukapepesa, ana ali pambuyo panga. Mtsikana wamtali uja anawayang'anitsitsa mayiwo akusalaza ufa ndi chikhatho. "Madamu, nawonso akupanga scatter?"

"Ayi. Kuyala bwinobwino chonchi ndi spread. Koma nkhuku zikabwera kudzapalasa, imeneyo ndiye scatter."

Mayiwo anaseka atagwira m'chiuno. "Mbwenu ine ndine wa sipuredi. Inu ndi ana anuwa ndinu nkhuku."

Ahedi anatulukira kuchokera ku ofesi, manja ali kumbuyo. Anayang'ana bwalo lonse, kenako ine.

"Bwalo tinasesa lija ndi limeneli?"

"Tikuphunzira, bambo."

"Ndaona. Akhoza ndithu. Tsopano tengani matsache."

Tinasesa mpaka belu linalira, ine ndemwe tsache lili m'manja, ana akuimba nyimbo ya Chitumbuka imene sindinaimve ngakhale liwu limodzi.

Nditaweruka, mayi aja anandiitanira pakhonde pawo n'kundipatsa mbatata yophika. Anati popeza ndawaphunzitsa Chingerezi mwaulere, nawonso andiphunzitsa Chitumbuka. Tinayamba pomwepo ndi malonje, ndipo zaka zonse zimene ndinakhala pasukulupo, masana ambiri ndinkathera pakhonde limenelo.