Kuseri kwa Chibolodi Choyera

Chinayamba ndi phokoso pa denga. Linali Lachisanu masana, m'chilimwe, ine Esinati ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndikutsuka mbale kuseri kwa nyumba. Ndinangomva kuti phwaa! pa malata, dzimbiri n'kuyoyokera m'beseni. Kenako chinthu chofiira chinagubuduka n'kugwera pafupi ndi phazi langa. Nditachitola chinali cholimba ngati mwala, chotentha, chonunkha chikopa.

Tinkakhala m'kanyumba ka zipinda ziwiri kumapeto kwa bwalo la kiriketi la kalabu ina ku Limbe. Pa kiriketi wina amaponya kampira kofiira kolimba, wina n'kukamenya ndi thabwa. Ababa ndiwo ankasamalira bwalolo. M'mawa uliwonse ankathirira pakati pomwe mpira umadunda, kenako n'kumakoka chigudumu chachitsulo uku ndi uku mpaka dothi lilimbe ngati simenti. Fungo la udzu wotchetcha ndi la laimu wolembera mizere silinkachoka m'malaya mwawo. Pambali pa nyumba yathu panali chibolodi chachikulu choyera, chamatayala. Ntchito yake inali yoti womenya aziuwona bwino mpira ukamabwera.

Lamulo la pakhomo pathu linali limodzi. Woponya akayamba kuthamanga, aliyense amene ali pafupi ndi chibolodicho aime nji, asasunthe ngakhale chala. Tsiku lina amayi anayanikapo chitenje chofiira, mphepo n'kumachiwulutsa, masewera anaima, ndipo ababa anakalipiridwa pamaso pa anthu ngati kamwana. Kuyambira pamenepo lamulolo tinkalidziwa kuposa Atate Wathu Wakumwamba.

Sabata imeneyo kunabwera alendo, timu yochokera ku chilumba china cha m'nyanja ya mchere. Mmodzi wa iwo, wamtali, wopaka zoyera pamphuno, ndi amene anabwera kudzatenga mpira uja. Anaseka, nalankhula Chingerezi chothamanga, akuloza kumwamba. Atachoka, amayi anafunsa ababa.

"Akuti chiyani ameneyu, bambo a Esinati?"

"Akuti kwawo mabwalo ali m'mphepete mwa madzi. Amamenyera m'mwamba dala, mpira ukagwere m'nyanja."

"Nanga kuno nyanja yake ndi denga langali?"

"Wangophonya uwu, make mwana. Chiyambire ntchito ine, mpira sunafikepo kuno."

Zinalidi zoona. Eni kalabu ambiri anali achikulire, amasitolo a mu Limbe, a mimba zawo, mpira wawo unkangokwawa pansi n'kuima usanafike pa chingwe cha malire a bwalo. Nkhuku zathu zinkadya pafupi ndi chingwecho osatekeseka.

Loweruka kunadzaza galimoto. Amayi anapita ku geti kukagulitsa mandasi kwa madalaivala, n'kundisiyira Tadala, mng'ono wanga, amene anali atangoyamba kukhala pansi. Ndinamuyalira mkeka pamthunzi wa chibolodi monga mwa masiku onse, chifukwa m'nyumba munkatentha ngati mu uvuni. Ine ndinaima chapambali pang'ono, pomwe ndinkatha kuona bwalo.

Woponya anayamba kuthamanga. Ndinaima nji. Ndinamva thabwa likulira, kulira kwina, osati kwa achikulire aja. Mpira unakwera, unakwera, n'kukhala kadontho kakuda padzuwa, kenako kadonthoko n'kumakula. Ndinauwona. Ndinadziwa komwe ukupita. Wina kuchingwe anakuwa kuti, "Mwanayo! Iwe, mwanayo!" Tadala anali mapazi atatu okha kuchokera pomwe ndinaima. Koma palibe amene anali atandiuza kuti lamulo lija limathera pati, ndiye miyendo yanga inangokhala pomwepo.

Mpira unadutsa pamwamba pa chibolodi, unadunda pansi, n'kumumenya Tadala paphewa. Sanalire nthawi yomweyo. Anangotsegula kukamwa, mpweya osatuluka. Kubwalo anthu anali kuwomba m'manja, chifukwa kumenya kotero ndi kwapamwamba, ndipo kuseri kwa chibolodi sankaonako.

Ababa anafika akuthamanga. Anayang'ana Tadala, anayang'ana mpira. Anatola mpira, anatuluka nawo poyera, anauponyera m'bwalo, n'kukweza dzanja kuti zonse zili bwino. Kenako ndi pamene anamunyamula mwana, n'kutulukira naye pa kampata ka kumpanda, osati ku geti. Kuchipatala anati kafupa ka paphewa kathyoka. Kanapola, koma mpaka lero Tadala sanyamula ndowa ndi dzanja limenelo.

Amayi sanandimenye. Anangondifunsa kamodzi, akumanga mwana nsalu, "Unaimiranji?"

"Munati tisamasunthe."

Anatuluka panja. Lamulungu alendo anaseweranso, ife titatsekeredwa m'nyumba mazenera ali otseka, thukuta lili kamukamu.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti ababa ankakonda mpira kuposa mwana wawo. Panopa ndili ndi ana awiri, Yamikani ndi Chifundo, ndipo chaka chatha amuna anga anapeza ntchito yosamalira bwalo lina mu Blantyre muno, titakhala miyezi yambiri pakhomo pa achibale. Ntchitoyo ili ndi nyumba. Nditapita kukaiwona, ndinayenda kuchokera pakati pa bwalo mpaka pakhomo, ndinaona kuti ndi pafupi, pafupi zedi. Ndinafuna kukana. Pakamwa panga panatuluka mawu akuti, "Tisamuka liti?" Ndi pamene ndinawamvetsa ababa. Akanaimitsa masewera a alendo, ntchito n'kutha, ife ana tikanagona kuti?

Ndiye tsiku la masewera ndimadzuka m'mamawa. Chifundo kumbuyo, Yamikani padzanja, timakwera minibasi mpaka ku Chirimba kwa Tadala, ndipo sitibwerera mpaka amuna anga ataimba foni kuti anthu apita. Kaya ndikudwala, kaya kunja kwatentha bwanji, timapita basi. Tsiku lina amuna anga anayamba kumuphunzitsa Yamikani za kuima nji. Ndinawadula pakamwa mwana akumva. Ndinagwada, ndinamugwira mapewa onse awiri.

"Ukaona chinthu chikubwera, nyamula Chifundo uthawe. Akakalipa, azikalipira ine."