Makina osokera a mayi a pansi pathu

Fakitale ya ku Graniteside itatichotsa ntchito, ndinayamba kulemba bulogu, tsamba langa la pa intaneti, pa foni. Ndinkalemba zimene manja anga ankadziwa: kukonza mbaula za gasi, maayironi ndi nyale za sola zimene aliyense ku Mbare anagula chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi. Patapita chaka, kampani ina inavomera kuika zotsatsa malonda patsamba langa, kuti owerenga akamazidina ine ndizipeza kangachepe. Malamulo ake anali ambiri, koma awiri ndinawamva bwino. Usauze munthu kuti adine zotsatsazo. Usaonetse anthu zamkati mwa akaunti yako, ngakhale kuti ndalama imene walandira ukhoza kuitchula, bola ikhale yoona.

Mwezi wina nkhani yanga ya mbaula yotaya gasi inafalikira m'mafoni a anthu, ndipo ndinalandira ndalama yooneka. Ndinalemba patsamba kuti bulogu ikundidyetsa, n'kutchula ndalamayo. Sindinanene kuti unali mwezi umodzi wokha, kuti miyezi ina ndalamayo sinkakwana ngakhale ya deta. Ndinkafuna anzanga akale a kufakitale aone kuti sindinagwe.

M'fulati yathu, pansi pa chipinda chathu, munkakhala mayi amasiye amene makolo awo anachokera ku Chipata. Ankasoka mayunifolomu a sukulu. Tsiku lina anandipeza pampopi.

"Bambo, ndawerenga zija munalemba. Maso angawa atopa ndi singano. Mundiphunzitseko."

Ndinati n'zotheka, osawonjezerapo kanthu. Sabata yotsatira phokoso la makina awo, limene linkatidzutsa m'mawa uliwonse, linati zii. Anali atawagulitsa kumsika waukulu wa Musika n'kugula foni yaikulu.

Ndinawatsegulira tsamba. Ankalemba bwino za kudula nsalu ndi kuika zipi, ndipo m'kupita kwa miyezi nawonso kampani ija inawavomereza. Koma owerenga anali ochepa. Amayi anzawo a kutchalitchi atamva, anagwirizana zowathandiza: Lachinayi lililonse akamaliza mapemphero, aliyense ankatsegula tsambalo n'kudina zotsatsa kangapo. Lamulo loyamba lija ndinali ndisanawauze mayiwo. Ndinkaganiza kuti aliwerenga okha.

Masana ena anakwera masitepe foni ili m'manja.

"Akuti chiyani apa, bambo? Chingerezi chake chandikulira."

Ndinawerenga kawiri. Akaunti yawo inali itatsekedwa chifukwa cha kudina kwa amayi aja, ndipo tindalama timene tinalimo kampaniyo inalanda. Nditawafotokozera, anandifunsa:

"Nanga ndalama munalemba ija?"

"Inali ya mwezi umodzi, mayi. Miyezi ina sikhala choncho."

"Mukanangonena," anatero, n'kutsika.

Tinalembera kampaniyo kupepesa, koma inakana. Ine ndinalemba nkhani ina patsamba langa, kutchula zimene ndinalandira mwezi ndi mwezi, popanda kubisa miyezi ya njala. Ndinkayesa kuti mtima ukhala pansi. M'malo mwake anthu anandiukira. Ena anati ndinanama poyamba, ena anati ndikunama tsopano pofuna kubisira abale chuma. Mlamu wanga wa ku Lochinvar analemba poyera kuti, "Ngati n'zoona, jambulani akauntiyo tione." Kujambula kukanatseketsa yanganso. Ndinafotokoza zimenezo, koma ndani akanakhulupirira munthu wogwidwa kale bodza?

Mayi aja tsopano amasoka pa makina a mnzawo kumsika, ndipo theka la zimene apeza limapita kwa mwini makinawo. Amachoka m'mamawa, kubwera miyendo itatupa. Mkazi wanga anandiuza kuti kupepesa kwa pakamwa sikukwanira, ndipite ndi kanthu m'manja. Ndinapita Lamlungu titaweruka kutchalitchi. Anandilandira, kundipatsa mpando ndi tiyi, kufunsa za ana. Nditatulutsa envelopu ya ndalama, anaitenga n'kuibweza m'thumba la malaya anga.

"Mukagulire ana buledi," anatero.

Tiyi uja ndinalephera kumumaliza.