Mluzu wa Tabo

Pa galaja ya kuseri kwa sitolo ya matayala, panali makaniko wamkulu yemwe aliyense ankawatcha a Makutu. Galimoto ikamalowa pageti ankangopendeketsa mutu, n'kutchula matenda ake boneti isanatsegulidwe. Koma phokoso la hamala ndi injini lomwe linawadyetsa zaka zonsezo linayamba kuwadya makutuwo. Mawu aakulu ankawamvabe. Oonda, ngati a ketulo kapena a mbalame, anali atapita. Sanauze munthu. Makaniko wogontha ndani angamusiyire kiyi?

N'chifukwa chake wofuna kuwonjezera mphamvu ya injini ankamva ulaliki umodzimodzi.

"Ikani supachaja. Imakokedwa ndi lamba wa injini, mukaponda imayankha pompo. Tabo imadikira utsi wa ku ekizozi kuti uizunguze. Ili ngati mlamu waulesi, mpaka umuitane kawiri."

Sankanama ayi, ankangodumpha mbali ina: supachaja imadya nawo mphamvu ya injini ndi mafuta, pomwe tabo imagwira ntchito ndi utsi wotayidwa kale. Chinkawaopsa n'chakuti lamba umamuona ndi maso, koma tabo ikadwala imadandaula ndi kamluzu.

Tsiku lina kunabwera mwini pikapu yonyamula simenti, ili ndi tabo yoikitsa kwina.

"Ikulira zachilendo. Ndalambalala magalaja onse kutsata makutu anuwa, madala. Tamverani."

Mwini pikapuyo anailiza. A Makutu anapendeketsa mutu monga mwa masiku onse. Anangomva kugunda kwa injini, pamwamba pake zii. Mantha anawagwira, ndipo anatsala pang'ono kunena kuti ilibe vuto.

Mwana wawo wamkazi, yemwe ankagwira nawo ntchito, anatuluka pansi pa minibasi n'kuima pomwe akanamuona milomo.

"Bambo, ine yandisokoneza," anatero mokweza. "Akaponda pang'ono ndi mluzu wamba. Akapitiriza ikulira ngati ambulansi, ikukwera limodzi ndi injini. Kapena paipi yabooka?"

"Paipi yobooka imapuma ngati tayala lophwa," anayankha msanga, mtima ukubwerera m'malo. "Awa ndi mabeyaring'i a m'tabomo. Inu achimwene, mumazimitsa injini mutangotsitsa katundu, tabo ikadali moto, eti? Oyilo amapsera m'kati."

Mwini pikapu anaseka mwamanyazi. "Amanena zoona anthu, simuphonya."

Atachoka, awiriwo anakhala pa benchi akupukuta girisi ndi sanza imodzi. A Makutu anali ndi manyazi, komanso chisoni pozindikira kuti mwanayu mabeyaring'i ankawadziwa kale.

"Unadziwa liti, mwanangu?"

"Pomwe munasiya kudandaula kuti geti ikulira. Sinathiridwe oyilo, Bambo."

A Makutu anayang'ana getiyo ikugwedezeka ndi mphepo, koma kulira kwake sanakumve.

"Mawa uziima kumanzere kwanga," anatero. "Ndi khutu lomwe latsalako."