Amama Ankandiona Ndili Onlaini

Amama sadziwa kuwerenga Chingerezi, koma pali liwu limodzi lomwe analoweza maonekedwe ake monga amadziwira mbuzi zawo pakati pa za eni. Ndi kaliwu kaja kamatuluka pansi pa dzina la munthu pa foni, kosonyeza kuti ali onlaini. Ndinawaphunzitsa ndine, tsiku lomwe ndinkanyamuka kwathu ku Kanakantapa kupita ku yunivesite ya ku Chalimbana. Ndinawauza kuti masiku ano manotsi amabwera pa foni, aphunzitsi amatumiza ntchito pa foni, choncho akaona kaliwuko adziwe kuti ndili pa maphunziro. Sindinaname. Chaka choyamba zinalidi choncho.

Kwathu netiweki imagwira bwino pa chulu chimodzi chokha, kuseri kwa dimba la tomato. Amama akamaliza kuthirira ankakwera pachulupo, kupukuta manja pa chitenje, n'kutsegula foni. Akaona kuti ndili onlaini ankatsika mtima uli m'malo. Kuimba sankaimba. Kwa iwo, kuimbira mwana yemwe ali onlaini kunali ngati kulowa m'kalasi khasu lili paphewa n'kuyamba kumufunsa za nkhuku. Ankadikira kuti ndiimbe ndekha ndikapeza mpata.

Chaka chachiwiri ndinalephera phunziro limodzi. Limodzi lokha, lomwe anzanga ankalibwereza akuseka. Koma ine ndinali mwana uja wa nambala wani kuyambira giredi wani, amene azimayi a kutchalitchi ankamuloza pokalipira ana awo. Kulephera sindinkakudziwa, ndipo nditakumana nako ndinasowa pokuika. Ndinalowa m'chipinda changa cha lendi ku Chalimbana, ndinagona chagada, n'kutsegula foni kuti ndiiwaleko pang'ono.

Pang'ono pakepo panatha miyezi. Ndinkayamba ndi mavidiyo oseketsa, ndikatopa nawo ndinkapita kukaona zithunzi za anzanga a kusekondale. Uyu wajambulitsa pa geti ya nyumba ku Silverest, uyo watsamira galimoto, wina wavala chovala cha ukwati. Ndinkadziwa ndithu kuti mwina geti ndi ya abwana ake ndipo galimoto ndi yobwereka, koma mtima sumva zimenezo. Chala chinkangokankha, maso akuwawa, khosi litauma. Mnzanga wogona naye chipinda ankapita m'kalasi m'mawa, pobwera ankandipeza momwe anandisiyira, phala lomwe anandisiyira litaundana m'mbale.

"Iwe, foni izakumeza," ankatero. "Kasambe, tiyende ku kalasi."

Ndinkamuyankha kuti mutu ukundipweteka. Atatopa anasiya kufunsa, ndipo sindimuimba mlandu, chifukwa ndinali ndi pakamwa poipa nthawi imeneyo.

Kenaka ndinapeza magulu ena pa intaneti, a anthu otopa ndi moyo ngati ine. Poyamba ndinkaona ngati ndapeza abale. Aliyense ankalemba zowawa zake, ena n'kumavomereza kuti inde, dziko lilibe phindu. Palibe ankauza mnzake kuti dzuka ukadye. Tinali ngati anthu ogwera m'chitsime chimodzi, aliyense akuuza mnzake kuti kunja kulibe kanthu. M'menemo ndi momwe maganizo oti amama angapepukidwe popanda ine anayamba kumveka ngati nzeru.

Nthawi yonseyi amama ankakwera pa chulu. M'mawa ndili onlaini, masana ndili onlaini, madzulo chimodzimodzi. Ankatsika n'kukauza anzawo kuti mwana wawo sapuma, amaphunzira ngati wolodzedwa.

Mnzanga uja atapita kukayeserera uphunzitsi ku sukulu ina yakutali, ndinatsala ndekha. Tsiku lina m'mawa ndinazimitsa foni n'kuiponya pansi pa zovala m'sutikesi. Sikuti ndinali nditachira. Ndinali nditafika poganiza kuti sindidzaifunanso, ngakhale china chilichonse. Ndinakhala m'chipindamo chitseko chili chotseka, osadya, ndikulimbana ndi maganizo omwe sindifuna kuwalemba pano.

Tsiku lotsatira dzuwa lili paliwombo ndinamva kugogoda. Nditatsegula ndinapeza amama, fumbi lili mpaka m'maondo, atavala chitenje cha kudimba. Chomwe chinandiopsa n'chakuti anali chimanjamanja. Amama sapita kwa munthu opanda kanthu, ngakhale kwa adani awo amanyamula maungu. Tsiku limenelo analibe ngakhale mtedza wa m'thumba.

"Foni yako yafa?" anafunsa asanalowe n'komwe.

"Iyai, amama."

"Nanga n'chiyani? Dzulo nakwera pa chulu, kulibe. Madzulo kulibe. Lero m'mawa kulibe. Nati mwana wanga saphonya sukulu, pali chachitika."

Anayang'ana m'chipindamo: mbale zosatsuka, makatani otseka, mabuku atachita fumbi, ine tsitsi lili nyankhalala. Ndinaona nkhope yawo ikusintha pang'onopang'ono. Manyazi omwe anandigwira pamenepo sindinawamvepo chibadwire. Ndinafuna kunama, koma mphamvu zonamira zinali zitatha. Ndinawauza zonse, mpaka chomwe ndinazimitsira foni.

Amama anakhala pansi pa simenti, miyendo atatambasula ngati ali pamaliro. Sanalire. Anandigwira mwendo mwamphamvu, ngati ndikufuna kuthawa.

"Ine ninali kusekerera," anatero. "Masiku onse aya, ine ninali kusekerera."

Tsiku lomwelo ananditengera ku chipatala. Namwino wina anakhala nane nthawi yaitali, osandikalipira, ndipo anandilumikiza ndi mlangizi yemwe ndinkakaonana naye kwa miyezi ingapo. Titatuluka m'chipatalamo tinakwera minibasi kubwerera ku Kanakantapa. Inali nyengo yokolola, ndipo amama sanandilole kukhala ndekha ngakhale pang'ono. Kokolola tinali limodzi, kotonola chimanga limodzi, pogona mphasa yawo inali pafupi ndi yanga. Ku yunivesite ndinadzabwerera pambuyo pake ndipo ndinamaliza. Koma chomwe chimanditenthabe nkhope ndikachikumbuka ndi Lamulungu loyamba nditafika kwathu.

Unali ulendo wathu wolandira mphakati, kagulu kaja ka mabanja achikatolika oyandikana komwe timasonkhana pakhomo la mmodzi kuwerenga Mawu ndi kupemphera. Ndinali nditawapempha amama kuti tizinena kuti ndadwala malungo. Kwathu nkhani yofuna kudzipha siitchulidwa. Banja lomwe zinachitikapo limanong'onedwa mpaka kwa adzukulu, ndipo ofuna kufunsira mbeta amayamba afufuza. Amama sanandiyankhe, ine n'kuyesa tagwirizana.

Itafika nthawi yoti aliyense atchule zomwe akufuna kuti timupempherere, wina anatchula mwendo wotupa, wina ng'ombe yodwala. Ine ndinali kugawa madzi akumwa. Ndinangoona amama aimirira.

"Anzanga, ine ninali kukuuzani kuti mwana wanga aphunzira usiku na usana. Ninakunamizani osadziwa. Mwana anali kudwala mumtima, anafuna kutisiya. Ine ninali kuona pa foni kuti alipo, nati ali mu kalasi, osamuimbira. Mumupempherere, na ine munipempherere."

Kapu inali m'manja mwanga, ndipo madzi anayamba kutayikira pa mapazi a munthu. Ndinafuna kulowa pansi. Ndinawakwiyira amama kwambiri, mkwiyo wa munthu amene wavulidwa pagulu. Mwana wa nambala wani uja tsopano akhala "uja anafuna kudzipha," ndipo anena ndi amake omwe. Pemphero lonse ndinazyolika, ndikumva maso a anthu pamsana.

Anthu atayamba kubalalika ndinathawira kuseri kwa nyumba kukatsuka makapu. Kumeneko anandipeza mayi wina wa mumphakati mwathu, wodziwika ndi pakamwa, yemwe nkhani ikafika kwa iye imafika pamsika dzuwa lisanalowe. Mwana wake wamwamuna ankaphunzira ku koleji ina ku Lusaka. Nditamuona ndinati basi, wabwera kudzatola zokafalitsa.

"Mwana wanga, tiye uniperekeze pa chulu," anatero motsitsa mawu.

Tinakwera. Anamasula foni pa mfundo ya chitenje n'kundionetsa dzina la mwana wake. Kaliwu kaja kanali pomwepo.

"Uyu nayenso ni so, kuyambira m'mawa mpaka usiku. Ine nenze kunena kuti ni sukulu. Manje niimbe, kapena nizamusokoneza?"

"Imbani, amama."

Foni inaitana nthawi yaitali. Atayankha, mayiyo anakweza mawu a foniyo kuti nane ndimve.

"Nili che bwino, amama. Nizakuimbirani," anatero mnyamatayo, n'kudula.

Mayiyo anandiyang'ana ngati ndine dokotala. Mtima wa mwana wake sindinkaudziwa, ndipo mwina analidi pa mabuku. Koma mawuwo anali olemera, okhakhala, a munthu yemwe sanatsegule pakamwa kuyankhula ndi wina aliyense tsiku lonse. Ndinawazindikira, chifukwa anali ngati anga a ku Chalimbana, ndipo kuwazindikirako kunandichititsanso manyazi.

"Wamva bwanji?" anafunsa.

"Mukamuone, amama. Osamuuza kuti mubwera."

Anamanga foni pa chitenje, anatsika pachulupo mothamanga ngati mtsikana, ndipo ndinamumva akufuula kwa amama kufunsa kuti minibasi yoyamba ya ku Lusaka imadutsa nthawi yanji.